NCHITO ZA MANJA ATHU: Mphete zozungulira pa ndodo yowedzera nsomba

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mwezi wa Okutobala caka catha, dzuwa litapendeka, ndinataya mlamba waukulu pa damu lina la kwa Nyanje m'boma la Sinda, ndipo wolakwa sanali wina koma ine mwini. Ndodo ndinapanga ndekha ndi nsungwi yokhwima bwino. Cokulungira cingwe, kamakina kaja kamene a m'masitolo amakacha reel, anandipatsa ndi mlamu wanga wogwira nchito ku Siavonga, ndipo cinali ca mtundu wokhala pamwamba pa ndodo. Motero mphete zonse zopitamo cingwe ndinazimanga pamwamba, mondondozana bwino ngati mizere ya m'munda wa mlimi womvera alangizi. Nsomba itameza nyambo ndi kuthawira pansi, ndodo inawerama monga iyenera, koma inayambanso kupotoka m'manja mwanga, kufuna kugudubuka kuti mphete ziyang'ane kumadzi. Ndinapezeka ndiri kulimbana ndi adani awiri, nsomba m'madzi ndi ndodo m'manja. Cingwe cinatsetserekera cammbali, cinakhula pa mfundo ya nsungwi, ndipo cinaduka. Anyamata oweta ng'ombe amene anali kuonerera pa mtumbira wa damu anaseka mpaka kugwira nthiti. Usiku umenewo kunyumba nsima tinadyera mfutso.

Nkhani ya mlungu uno yacokera pa manyazi amenewo. Ndiyambe ndi kuchula amene siiwakhudza, kuti ndisawatayitse nthawi. Ngati inu mumawedza matemba ndi kansungwi komangirira cingwe kunsonga, monga tinacitira tonse paubwana m'madziwe a Kapoche kapena a Lupande, pitirizani, palibe cosintha. Ngatinso cokulungira canu ndi cija colendewera kunsi kwa ndodo, mphete zanu ziri kale kunsi, ndipo bvuto limene ndinaona ine simudzaliona. Koma poyenda m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ndaona anthu angapo ali ndi zokulungira zokhala pamwamba, zobwera ndi abale ocokera ku Lusaka, ku Joni, kapena ku Tete kudzera pa cipata ca Chanida. Ndodo ya ku sitolo ikathyoka, kapena ngati mphatsoyo inabwera yopanda ndodo, munthu amadula nsungwi napanga yace. Awa ndiwo ndiri kulankhula nao.

Tengani uta wa mwana wanu muuyang'anitsitse. Nsinga yace imakhala kumimba kwa mtengo wopindikawo, ndipo palibe anaonapo uta wokhala ndi nsinga kumsana. Cingwe cokokedwa mwamphamvu cimafuna njira yaifupi, ndipo pa mtengo wopindika njira yaifupi iri kumimba. Tsono ndodo yowedzera ikawerama ndi nsomba, mimba yace ndi kunsi, mbali yoyang'ana madzi. Ife tikamanga mphete pamwamba tiri kukakamiza cingwe kuyenda pamsana pa uta. Malinga nsomba iri kukoka molunjika ndipo mphete ziri pakati peni peni, zonse zimaoneka ngati ziri bwino. Koma nsomba ikangokhotera kumanzere kapena kumanja pang'ono, cingwe cimakankha mphete cammbali, ndipo mphete iriyonse imasanduka kampini kopotolera ndodo. Mphete ikakhala ya miyendo yaitali, kupotolako kumakulanso. Ndi nsomba yaing'ono dzanja limagonjetsa mphamvu imeneyi mwini wace osazindikira n'komwe. Koma mlamba wa makilogalamu 4 kapena 5, umene cizolowezi cace ndi kukokera pansi kumatope, umatopetsa mkono, ndipo nsungwi yopotoledwa kawiri kawiri imayamba ming'alu m'litali mwace, pakuti nsungwi imapirira kuwerama koma siipirira kupotoka.

Mankhwala ace ndi osabvuta kuwamvetsa. Cingwe cicoke pa cokulungira ciri pamwamba monga ciyenera, koma mphete zoyamba zicitsogolere pang'ono pang'ono kuzungulira thupi la ndodo kufikira citafika kunsi, ndipo kucokera pamenepo mpaka kunsonga mphete zonse zikhale kunsi. Nzeru imeneyi si yatsopano ai. Mu 1909 munthu wina wa ku America, dzina lace John Scanlan, analembetsa mamangidwe otere ku boma la kwao monga nzeru yace. Patapita zaka zambiri mmisiri wa ndodo wa ku Kansas, Chuck Roberts, anaifalitsa kotero kuti ena amaicha ndi dzina lace kufikira lero. Asodzi a ku California ataona mphete zokhotakhota anali kuseka kuti wozimangayo mutu wace sunali bwino ndi zoledzeretsa. Inenso ku Sinda anandifunsa comweco, ngati ndinamanga ndodo yanga pobwera ku kacasu. Ndodo zambiri za m'masitolo sizimangidwa tere, ndipo ine ndiganiza kuti cifukwa cace ndi maso cabe: wogula akaona mphete zosalunjika amayesa kuti katunduyo ndi woonongeka, nabweza ndalama zace m'thumba.

Za nsungwi ndinene mwacidule, pakuti ambiri a inu mumazidziwa kuposa ine. Dulani yokhwima, ya zaka 3 kapena kuposa, m'nyengo ya cilimwe, ndipo muiumike pamthunzi, yolendewera ndi mwala kumunsi, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Pokhota muwongole pa makala osayaka lawi. Utali wa mamita 2 kapena kuposerapo pang'ono ukwanira pa madamu athu. Mfundo muzipale ndi tupa kuti zisalale, koma musadye khungu la pakati pa mfundo, cifukwa mphamvu yaikulu ya nsungwi iri kufupi ndi khungulo.

Musanamange kanthu, funsani ndodoyo mbali imene ifuna kuweramira. Tsamiritsani tsinde lace pa simenti kapena pa thabwa losalala, dzanja limodzi licirikize kufupi ndi nsonga, lina likanikize pakati kuti iwerame pang'ono, ndipo muigudubuze mosafulumira. Mudzamva iri kulumpha ndi kukhazikika pa mbali imodzi, ndipo mukaigudubuzanso idzabwerera pomwepo. Mimba ya kupindika kumeneko ndiyo idzakhala kunsi kwa ndodo yanu. Lembani mzere ndi pensulo kumimbako, kucokera ku tsinde kufikira kunsonga, ndi mzere wina kumsana. Cokulungira cidzakhala pa mzere wa kumsana, pa mtunda wokwanira kuti tsinde litsamire pamimba panu pamene muli kulimbana ndi nsomba.

Tsopano gwirani ndodo monga muli kuwedza, muyang'ane kunsonga, ndipo muyerekeze kuti thupi lace lozungulira ndi nkhope ya wochi. Pamwamba ndi 12 koloko, kunsi ndi 6 koloko. Mphete yoyamba, imene iri yaikulu ndi yaitali kuposa zonse, ikhale pa 12 koloko, masentimita 50 kucokera pa cokulungira. Yaciwiri ikhale pa 2 koloko, yacitatu pa 4 koloko, ndi yacinai pa 6 koloko. Ana a sukulu adzati madigiri 0, 60, 120 ndi 180, koma n'cimodzimodzi. Pakati pa mphete zinai zimenezi siyani masentimita 12 kapena 15. Zotsalazo, zinai kapena zisanu, zonse zikhale pa mzere wa 6 koloko, mipata yace iri kucepa pamene muli kupita kunsonga: woyamba masentimita 20, ndipo wotsiriza, wofika pa mphete ya kunsonga, masentimita 10. Mphete ya kunsonganso iyang'ane pansi. Ndanena zimenezi cifukwa pa ulendo woyamba ndinaiwala, ndinaimanga yoyang'ana kumwamba monga ndinazolowera, ndipo ndinamasula ndiri kudzitukwana.

Pali cinthu cimodzi cimene mukacilakwitsa nchito yonse ipita pacabe. Kuzungulira konse kuthere m'cigawo colimba ca ndodo, kufupi ndi manja, kumene sikuwerama kwambiri. Mphete za pa 2 ndi 4 koloko nchito yace ndi kulondolera cingwe njira, osati kusenza nsomba. Mukazikankhira kutsogolo kumene ndodo imapindika, zidzasenza katundu ziri cammbali, ndipo kupotoka kumene munathawa kudzabweranso. Pamene ndodo iyamba kuwerama zeni zeni, cingwe cikhale citafika kale kunsi.

Amisiri ena amafupikitsa njira. Amaika mphete yoyamba pa 12 koloko, yotsatira pa 6 koloko, ndipo pakati pao amaikapo kamphete kamodzi kafupi pa 3 koloko, kongochinjiriza cingwe kuti cisakhudze ndodo. Pa ndodo yowonda ya ku sitolo njira imeneyi ndi yabwino, ndipo imasungitsa mphete imodzi. Pa nsungwi, imene ndi yonenepa ndiponso ya mfundo, ine ndinayesa ndipo cingwe cinali kukhulabe, motero ndinabwerera ku mphete zinai. Ngati nsungwi yanu ndi yonenepa kwambiri kutsinde, musacite manyazi kuonjezapo yacisanu.

Manambala onse ndachulawa ndi poyambira cabe. Palibe nsungwi ziwiri zofanana, ngakhale zodulidwa pa phata limodzi m'mapiri a Mphangwe, ndipo malo eni eni a mphete amadziwika ndodo itawerama ndi katundu, osati iri gone pa mphasa. Cifukwa cace musayambe ndi ulusi ndi guluu. Dulani timalegeni ku chubu yakutha ya njinga, mumange mphete zonse mwa kanthawi kuti zithe kusendezeka, muike cokulungira pamalo pace, ndipo mupise cingwe m'mphete zonse. Kunsonga kwa cingweco mangani kamwala kapena nati, kongokwanira kuciwongola.

Apa pafunika munthu waciwiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tengani kacingwe kena kolimba, mukamange pa nsonga ya ndodo yeni yeni, osadzera m'mphete, ndipo mukolekepo cigubu ca madzi okwana lita imodzi, ndiyo kilogalamu imodzi. Mnzanuyo agwire tsinde nanyamule pang'ono pang'ono kufikira ndodo itawerama bwino. Ngati ndi yolimba onjezani madzi, koma musapitirire malire cifukwa cofuna kuonetsa anthu mphamvu ya ndodo yanu. Ubwino wa kacingwe kapaderaka ndi wakuti ndodo imawerama pamene mphete ziribe katundu, ndipo inu mukhoza kuzisendeza ndi cala ndi kuona zotsatira zace nthawi yomweyo.

Imani cammbali muyang'ane. Kucokera pa mphete yacinai kupita kunsonga, cingwe ciyenera kutsata kupindika kwa ndodo mofatsa. Mukaona pamphete ina cathyoka ngati cigongono, mphete imeneyo yasenza katundu wa anzace. Isendezeni kapena muikepo ina pafupi. Mukaona mpata umene cingwe catalikirana kwambiri ndi ndodo ngati nsinga ya uta, mpatawo wakula, ndipo ndodo idzathyokera pamenepo tsiku lina. Mukatha apo bwererani ku mphete zinai zoyamba, kumene kuli nchito yeni yeni. Ikani diso pa cokulungira muyang'ane motsata cingwe. Ciyenera kuyenda kucokera pa cokulungira kufikira pa mphete yacinai pafupi fupi molunjika, ngati kanjira kotsika phiri cammbali, kopanda kona yakuthwa. Pisani kapepala pakati pa cingwe ndi nsungwi m'mipata yonse itatu. Kakakodwa, ndiye kuti cingwe ciri kukhudza. Sendezani mphete, kapena muipotoze pang'ono pa wochi yathu ija, kunena kuti kucoka pa 2 koloko kupita ku hafu pasiti 2. Onaninso kuti cingwe sicikhudza dzanja lanu lakutsogolo pamene mwagwira ndodo patsogolo pa cokulungira. Cikakhudza, mphete yoyamba ndi yaifupi miyendo, ndipo nailoni wothamanga ndi nsomba amaceka cala ngati lumo.

Mukakhutira, masulani kacingwe kapadera kaja, mukoleke cigubu ku cingwe cowedzera ceni ceni, munyamule, ndipo mumasule zala pang'ono kuti ndodo igone pa cikhato. Ndodo yomangidwa bwino imakhala phee, mphete ziri kuyang'ana pansi. Amene ali ndi cikaiko ayambe wayesa comweco mphete zonse ziri pamwamba. Adzaona ndodo iri kugudubuka yokha pa cikhato, ndipo sadzafunanso mtolankhani womuuza.

Funso limene ndamva kawiri kawiri ndi lakuti, kodi kuzungulirako kupite kumanja kapena kumanzere? Kwa nsomba palibe kusiyana. Ambiri amazungulitsa kumbali kumene kuli cogwirira copukusira, cifukwa ndodo ikagonekedwa pansi cogwiriraco cimayang'ana kumwamba, ndipo mphete zapakati nazonso zimayang'ana kumwamba, osakanikizidwa pa miyala kapena kupondedwa ndi ng'ombe zobwera kudzamwa madzi. Ine ndinatsata amenewa. Ngati cogwirira canu ciri kumanzere, wochi yanu iwerengeni cobwerera: 12, 10, 8 ndi 6 koloko. Cimene muyenera kucenjera naco ndi ici: zokulungira zina ziribe kacitsulo koyalira cingwe uku ndi uku, ndipo pa zimenezi cingwe cikhoza kuunjikana mbali imodzi pokulunga. Mukaona zotere, mphete yoyamba yapendekera kumbali kumene kuli kupita kuzungulirako. Ibwezeni pa 12 koloko peni peni, kapena muipendeketse pang'ono cabe kumbali inayo, ndipo mukulunge cingwe kangapo muone ngati cayamba kuyalana bwino.

Nanga mphetezo zicokera kuti? Zabwino koposa ndi zocotsa pa ndodo yothyoka ya ku sitolo, ndipo amene ali nayo asaitaye. Popanda zimenezo, waya wosacita dzimbiri kapena sipoko ya njinga imagwira nchito. Kulungani wayayo kamodzi ndi theka pa bauti kapena pa msomali wa kukula kumene mufuna, musiye miyendo iwiri, wina woloza kutsogolo wina kumbuyo, yogona pa ndodo. Yoyamba ikhale ndi cibowo ca mamilimita 15 kapena 20, ndipo za kunsonga zicepe kufikira mamilimita 6 kapena 8. Nsonga za miyendo muzisongole ndi tupa kuti ulusi ukwerepo mosabvuta. Mkati mwa mphete musalalitse ndi sandipepala wosakhakhala, ndipo muyese popisamo kathonje ka m'munda: ulusi wa thonje ukatsalira, ndiye kuti pali pokanda, ndipo pokanda thonje padzadyanso nailoni. Sipoko wamba imacita dzimbiri ikakhala m'cinyezi, motero pukutani mphete pobwera kumadzi, makamaka ya kunsonga imene imakhulidwa kuposa zonse.

Malo a mphete iriyonse atadziwika, lembani ndi pensulo musanacotse malegeni, ndipo muzimange imodzi imodzi, osamasula zonse nthawi imodzi. Ulusi wabwino ndi wa nailoni uja amasokera nsapato. Yambani kukulunga pa nsungwi, patsogolo pang'ono pa mwendo wa mphete, mupondereze nsonga ya ulusi ndi mizere yoyamba, ndipo mukwere pa mwendowo mzere ndi mzere, mothinana, popanda wina kukwera pa unzace. Patatsala mizere 6 kuti mutsirize, gonekani kaulusi kena kopinda pawiri, mukulunge pamwamba pace, mupise nsonga ya ulusi wanu m'kagoba kameneko ndi kukoka, ndipo nsongayo idzalowa pansi pa mizere popanda mfundo. Kuona maso a nkhono n'kudekha; ine mphete 9 zinanditengera madzulo atatu. Musanapake kanthu kolekaninso cigubu cija muyese komaliza, pakuti pa nthawi imeneyi mphete ikhoza kusendezekabe ndi cala cacikulu. Pambuyo pace pakani vanishi kawiri kapena katatu, kapena guluu uja wa machubu awiri osakaniza, ndipo muzitembenuza ndodo pamene iri kuuma kuti guluu asadonthere mbali imodzi.

Ndinabwerera ku damu lija mu Novembala, mvula yoyamba isanadetse madzi. Anyamata aja analipo, ndipo ataona mphete zokhota anayamba kuseka ndisanaponye n'komwe. Poponya sindinaone kusiyana kwa mtunda. Nyambo inagwera pa bango lomwe lija inali kugwera kale. Mlamba umene unadya unali wa makilogalamu 2 cabe, wosayenera kuuimbira ng'oma, koma unathawira kumanzere, unabwerera kumanja, unalowa pansi, ndipo ndodo inangowerama osapotoka. Ndinatha kupukusa ndi dzanja limodzi, lina litangocirikiza. Mmodzi wa anyamatawo anapempha kuigwira, anaitembenuza kawiri, nafunsa ngati sipoko za njinga ya atate ace zingathe kucita zomwezo. Ndinamuuza kuti ayambe wapempha kwa eni njinga. Mlamba waukulu uja sunaonekenso.

Potsiriza ndikumbutse owerenga kuti caka ndi caka, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, Boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lino kuti nsomba ziswane, ndiponso kuti lamulo la za nsomba la 2011 limaletsa kupha nsomba ndi katupe kapena mankhwala ena alionse. Amene afuna kudziwa za damu kapena mtsinje wa kwao afunse alangizi a za nsomba ku boma lao. Sinda ndi Vubwi ndi maboma paokha kuyambira mu 2012, ndipo ulendo wa ku boma unafupika. Amene anadula nsungwi m'cilimwe, miyezi itatu imeneyi ikwanira kupinda mphete, kumanga ndi kuyesa ndi cigubu pa khonde, pobwera kopalira cimanga. Mlungu wamawa tidzakamba za kamangidwe ka cokulungira pa nsungwi kuti cisagwedezeke.